Uchi Umene Ndinawiritsa

Bambo anasasa mawu Lachitatu, chikondwerero cha pakachisi chili Loweruka. Ine ndinali nditangotha sabata imodzi pakhomo, kuchokera ku Glasgow kumene ndakhala zaka makumi awiri ndi zitatu ndikusanja mabuku mu laibulale, n'kumawawerenga abwana akayang'ana kumbali.

Bambo anga, a Kesavan, ndiwo woimba wa pakachisi wa m'mudzi mwathu, kufupi ndi tauni ya Ottapalam. Wansembe akalowa m'kati ndi kudzitsekera, iwo amaima pambali pa masitepe, kang'oma kali paphewa, n'kumaimba mpaka chitseko chitatsegulidwa. Chaka chimenecho chinali chawo cha makumi asanu akuimba pamenepo. Anali atalengeza kale kuti Loweruka limenelo aimba komaliza, kenako ng'oma aipereka kwa Haridas, mwana wa mng'ono wawo. Chimene ndinakwerera ndege ndi chimenecho.

Mlongo wanga wamkulu, Ambujam, amene anatsala kuwasamala amayi atamwalira, anawaika pa malamulo tsiku lomwelo. Chambiko ayi, nthochi ayi, madzi ozizira ayi, kusamba kumutu ayi. Katatu pa tsiku ankachukucha pakhosi ndi madzi ofunda amchere, madzulo n'kumwa mkaka wa chikasu. Ine nditatulutsa maswiti apakhosi amene ndinagula pabwalo la ndege, Ambujam anawayang'ana ngati zitosi za nkhuku, n'kuwaika pamwamba pa kabati.

Chimene chinkasowa chinali masamba a tulasi, kamtengo kopatulika konunkhira ngati mpungabwi, kamene nyumba iliyonse kwathu imakhala nako pabwalo.

"Achemwali, bwanji osangothyola panjapa?" ndinafunsa.

"Pitani mukathyole, bwana. Mutenge ndi chitsulo chokanulira matayilosi anuwo."

Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo ndinalamula pafoni kuti bwalo lonse aliyale matayilosi, bambo asamaterereke m'matope nthawi ya mvula. Amisiri anazula zonse zimene amayi anadzala: jinja, chikasu, mpesa wa tsabola wakuda umene unkayanga pamtengo wa mango. Tulasi anamusiya m'kamphika ka simenti pakati, koma kutentha kwa matayilosi kunamuwotcha chilimwe choyamba. Chithunzi cha bwalo loyeralo ndinachisonyeza anzanga onse kuntchito. Tsopano Ambujam, mwana wa amayi anga, ankayenda m'makomo mwa eni kupempha masamba.

Lachisanu m'mawa Ambujam anawoloka mtsinje kupita kwa alamu ake, kukatenga tulasi ndi muzu wotsekemera uja oimba amavumata m'kamwa. Ndinatsala ndi bambo. Anali pampando wawo pakhonde, akumeza malovu mosinya nkhope. Ndinaganiza zochita kanthu ndi manja anga, kamodzi kokha, kosatumiza kudzera kubanki.

Ndinasinja jinja wouma ndi tsabola wakuda, monga ndinkawaonera amayi, n'kuteleka. Shuga wakuda wa mgwalangwa amene amathiramo sindinamupeze. Koma m'sutikesi ndinali ndi botolo la uchi wa ku Scotland. Ndinathira masupuni atatu madziwo ali kubwata.

Kwathu ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa kuti uchi sukumana ndi moto. Umayembekezera mankhwala azizire mpaka chala chikhalemo osapsa, ndipamene umathira. Uchi wowira, amati, umasanduka poizoni womata, umakakamira m'njira za thupi osachoka. Sindinganene kuti sindinkadziwa. Kungoti ku Glasgow aliyense amathira uchi m'tiyi wotentha, ndipo dzanja linatengera za komweko, mutu uli m'mbuyo.

Bambo analandira kapu yachitsulo ija ndi manja awiri, n'kununkhiza.

"Uchiwu wauthira pamoto, Damu?" ananong'ona.

Ndinavomera, pamenepo n'kukumbukira. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwalande. Iwo anandiyang'ana pang'ono, n'kumwa yonse, mpaka nsenga za tsabola zapansi.

Ambujam atabwera masana anayamba wavundukula poto. Sanakuwe. Anandifunsa ngati ku Ulaya kulibe makolo oti ndiziyeserapo luso langa. Ine, m'malo mopepesa, ndinakwera pa mabuku. Ndinamuuza kuti ndawerenga akatswiri, kuti palibe anapezapo munthu wosasa mawu chifukwa cha uchi wotentha, kuti anthu mamiliyoni amamwa chomwecho m'mawa uliwonse ndipo amaimba bwinobwino m'matchalitchi mwawo. Ndinalankhula bwino kwambiri. Ndakhala ndikulankhula bwino moyo wanga wonse.

"Ndiye mawa akaimbe ndi akatswiri akowo," anatero Ambujam. Kenako anatembenukira kwa bambo. "Nanga inu, munamva fungo. Munamweranji?"

"Mwanayu sanandiphikirepo kanthu chibadwire," anatero bambo ndi kamawu kotsala. "Ndikanamubwezera kapu?"

Tsiku lonselo bambo anamwa za Ambujam, zophikidwa mwalamulo, ndi kuvumata muzu uja. Loweruka m'mawa ndinawamva akuyesa mawu kuseri kwa nyumba. M'makutu mwanga anali abwinoko kuposa Lachinayi, ndipo ndinawauza choncho. Anagwedeza mutu mwaulemu, ngati mmene umachitira ndi mlendo, koma dzanja lawo silinkachoka pakhosi. Anauza Ambujam kuti akumva kanthu komata m'kati, chapansi apa.

Pakachisi panadzaza. Anabwera ndi anthu a m'midzi ya kutsidya, ena okalamba moti anachita kuwanyamula. Wansembe analowa, chitseko chinatsekeka. Bambo anaima pamalo pawo, pamwala umene mapazi awo anausalaza. Ng'oma inalankhula bwino ngati kale. Mzere woyamba unatuluka, wochepa koma woongoka, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Pa mzere wachiwiri pali malo pamene nyimbo imakwera. Ndinawaona akufika pamenepo, akumeza, akukayika. Sanayese n'komwe. Anatseka pakamwa, n'kukodola Haridas ndi chibwano.

Haridas anaitola nyimbo pamene inagwera, ndipo anaimba bwino, ndisamunamizire. Bambo anamuombera ng'oma mpaka kumapeto, maso ali pachitseko. Kaya unali uchi, kaya mantha a uchi, kaya zaka zawo makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, sindidziwa, ndipo palibe woti ndingamufunse.

Chitseko chitatsegulidwa mabelu analira, anthu n'kukankhana kuti aone nyali za m'kati. Ine ndinkayang'ana bambo akuvula lamba wa ng'oma paphewa ndi kumuveka Haridas. Ambujam anaima kumbali ya azimayi, osacheuka.

Mayi wina wokalamba, mnzawo wa malemu amayi, anandigwira mkono.

"Wachita bwino kubwera, Damu. Wawamva bambo ako."

"Eya, mayi," ndinatero. "Ndawamva."