Nyanja ya Taras

Kunyumba kwa a Wasylyk dzina la Taras linasiya kumveka tsiku limene bokosi lake linatsika m'ndege litakutidwa ndi mbendera. Anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi pamene bomba lokwiriridwa mumsewu linamupha kunkhondo ku Kandahar. Kuyambira pamenepo bambo ake ankangoti "mnyamata uja", amayi ake n'kumati "achimwene ako". Halyna, mlongo wake wamng'ono, anali wamanyazi ndi kale, ndiye nayenso anangotseka pakamwa. Koma panali chimene chinkamudya. Anayamba kuiwala mmene dzinalo linkamvekera bambo akamalikuwa kumunda wa tirigu, ndipo ankalakalaka atalimvanso, ngakhale kamodzi kokha, kuchokera pakamwa pomwepo.

Patatha zaka zitatu kunabwera kalata ya boma. Kumpoto kwa chigawo chawo cha Manitoba kuli nyanja zambirimbiri zopanda mayina, ndipo imodzi anaitcha dzina la Taras, monga amachitira ndi asilikali ofera kunkhondo. Halyna anakadzitsekera kubafa n'kuseka, kenako analira. Taras ankaopa madzi. Anzake akamasambira, iye ankakhala m'mphepete nsapato zili kuphazi, n'kumati iye ndi mwana wa mlimi, si bakha.

Bambo anaganiza zokakhoma kachitsulo ka dzina lake kunyanjako, koma amayi anakana kupita. Anati mwana wawo ali kumanda kuseri kwa tchalitchi, osati m'madzi a udzudzu. Anawakulungira timikate ta mbatata n'kubwerera kuchipinda. Halyna anakwera galimoto ali ndi chiyembekezo chimodzi chimene sanauze munthu: woyendetsa ndege adzafunsa kumene akupita, ndipo nyanjayo ilibe dzina lina.

Anayenda tsiku lonse, bambo akungokamba za mvula ndi matayala. M'mawa mwake anapeza woyendetsa ndege, mayi Linklater, akuthira mafuta m'kandege kawo kotera pamadzi. Mayiwo anamuyang'ana Halyna n'kuuza bambo kuti amumangirire chingwe m'chiuno, poti udzudzu wa kumeneko umanyamula ana owonda chotere.

"Tikulowera kuti, akuluakulu?" anafunsa.

Halyna anayang'ana pakamwa pa bambo. Bambo anatulutsa mapu m'thumba la jekete, anawatambasula paphiko la ndege n'kuikapo chala.

"Apa."

Mayi Linklater anawerenga pamene panali chalacho, anayang'ana kachitsulo kolembedwa kamene Halyna anakakumbatira pachifuwa, ndipo nthabwala zinathera pomwepo.

Nyanjayo inali yaing'ono, yakuda bii, yozunguliridwa ndi mitengo ya paini yokwinimbira. Panalibe njira, panalibe utsi. Taras anali asanaione, ngakhale kuimva. Bambo anasankha thanthwe loyang'ana kumwera, kumene kuli kwawo, n'kuyamba kuboola mabowo anayi. Ankagwira mosamala ngati akukonza thirakitala. Halyna anagwirizira kachitsuloko mpaka msomali womaliza utalowa.

Kenako ananama.

"Bambo, tandiwerengerani zalembedwapozi. Dzuwa likundithobwa m'maso."

Kunali mitambo. Bambo anamuyang'ana kanthawi, anavala magalasi n'kuwerama. Anawerenga udindo wake wa usilikali. Anawerenga chaka chobadwa ndi chaka chimene anafa. Anawerenga dzina la dziko limene anafera, pang'onopang'ono, chilembo chilichonse. Mzere wapamwamba anaudumpha.

"Zinazo ukuzidziwa," anatero, akuvula magalasi.

Anakhala pathanthwepo n'kudya timikate tija titazizira. Halyna anayesanso. Ananena chapansipansi kuti achimwene akanakana kutsika m'ndege, akanati awabweretsere nyanjayo m'kapu. Mapewa a bambo anagwedezeka ngati akufuna kuseka.

"Akanakhala pomwe wakhalapo, nsapato zili kuphazi," anatero. "Ndinkamuuza ine, ndinkati, iwe..."

Pakamwa panatsala potsegula. Halyna anaona lilime lawo litafika kumano, pamene dzinalo limayambira. Anadikira. Bambo anadzimenya pakhosi, anayang'ana udzudzu wophwanyika m'dzanja lawo, n'kunena kuti mphepo yasintha, asawachedwetse mayi aja.

Halyna anatsalira m'mbuyo pang'ono. Anafuna kulikuwa yekha dzinalo kuti madziwo alimve, koma linatuluka ngati kunong'ona kwa m'kalasi, ndipo silinafanane n'komwe ndi lija la kumunda. Anachita manyazi ngakhale panalibe womumva.

Madzulo a tsiku lotsatira anaima pothirira mafuta m'tauni yakwawo. A Friesen, amene munda wawo unagundana ndi wa a Wasylyk, anasuzumira pawindo n'kuseka nkhope ya Halyna yotupa ndi udzudzu. Anafunsa ngati anakamenyana ndi njuchi.

"Tinakawedza kumpoto," anayankha bambo.

"Nsomba zake zili kuti, a Wasylyk? Mwadyera konko? Ndi nyanja iti imeneyo, kuti ine ndisadzapiteko?"

Bambo anapukuta galasi la galimoto ndi mkono wa jekete, ngakhale linali loyera.

"Kanyanja chabe," anatero. "Kalibe dzina."

Halyna anatsamira chitseko n'kutsinzina. Anayesa kuumvanso munda wa tirigu uja, bambo ataima pathirakitala manja ali kukamwa. Anawaona bwinobwino, chipewa, fumbi, pakamwa potsegula. Mawu okha ndiwo panalibe.