Mawu a Malemu M'kamwa mwa Mwana

"Bambo, tiyi uyu, imwani asanazizire," anatero mwana wamkazi wa atelala akukankha chitseko ndi chigongono.

Sizasi inagwa m'manja mwa atelala. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu ndani mayi? Mawu amenewo mwawatenga kuti?"

"Ndine mwana wanu woyamba, bambo."

"Mkazi wanga ndinamuika m'manda ndikuona. Nanga akulankhula bwanji m'kamwa mwanu?"

Chidwalireni sitiroko, atelala sankazindikiranso nkhope za anthu. Maso ankaona bwinobwino, ulusi ankalowetsa okha pasingano, koma nkhope iliyonse inali yachilendo, ngakhale yawo yomwe pagalasi. Adokotala anati mutu umasunga za m'maso pena, za m'makutu pena. Nkhokwe ya nkhope ndiyo inapsa, ya mawu inatsala. Choncho munthu ankamudziwa akalankhula. Mwana wawo wamwamuna akangotsokomola pakhomo, iwo ankati, "Wabwera mlesi uja." Tsoka linagwera wamkaziyu, amene anatengera mawu a malemu mayi ake osasiyako kanthu.

"Achemwali, muzilankhulira m'mphuno," anatero mlongo wakeyo kukhitchini akuseka. "Apo ayi tikumangirireni belu m'khosi."

"Seka, si iwe akukuthawa ngati mzukwa."

"Pepanitu. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Mwana wamkaziyo anasankha kukhala chete. Ankalowa ndi tiyi, kusesa tizidutswa ta nsalu pansi pa makina, n'kutuluka osatsegula pakamwa. Bambo ake ankangoti, "Zikomo mayi," ngati akuthokoza wantchito wa eni.

Tsiku lina masana, akupukuta mbale, anawamva akufunsa mlongo wake uja motsitsa mawu.

"Kodi mlongo wako ndinamulakwira chiyani? Bwanji sabweranso kudzandiona?"

Anaika mbale pansi, manja ali onyowa, n'kulowa m'chipindamo. Anaima kumbuyo kwa mpando wawo.

"Bambo, tsinzinani. Musacheuke."

Mapewa a atelala anauma, koma anatsinzina.

"Ndine mwana wanu. Tiyi uja amabweretsa ndine. Sindinapite kulikonse."

Msozi unatsika n'kudontha pansalu ya kasitomala imene inali pamiyendo pawo.

"Ndamva, mwanawe. Mutu ukudziwa kuti ndiwe. Makutuwa ndiwo akukana. Koma usasiye. Tandikalipira pang'ono. Unene kuti ndasiyanso singano pampando, tsiku lina ndidzabaya nayo mlendo."

Mwana wamkaziyo anadziwa mwini wa mawu amene ankafunidwawo. Anayang'ana mlongo wake. Nthabwala zinali zitamuthera, maso ali pansi.

"Inu bambo a ana," anayamba, "singano izi mudzasiya liti kumwaza?"

Mawuwo anamveka ngati atulukira pakona ya chipinda, osati pakhosi pake. Atelala anamwetulira ali chitsinzinire.

"Ndamva, mayi. Ndichotsa."

Kuyambira tsikulo ankawalankhula ataima kumbuyo kwa mpando, ndipo sankafunsa kuti akuyankha yani.