Makalata a ku Thyolo ndi Mano Atsopano

Mayi Maness, amene amagulitsa tomato pamsika wa Lirangwe, anazulidwa mano asanu ndi limodzi tsiku limodzi, onse am'mwamba. Anali atavutika nawo zaka zitatu, akugwedera ngati nsichi zodyedwa ndi chiswe, mpaka mwana wawo Tikondane, mphunzitsi wa ku Mdeka, anawakakamiza kupita kwa dokotala wa mano m'tauni. Dokotalayo anali atawayeza m'kamwa milungu iwiri m'mbuyomo, ndiye atangomaliza kuzula anawaveka mano oikirira pomwepo.

"Musawavule, ndidzawavula ndine mawa," anatero. "Pakadali pano akugwira ntchito ya bandeji."

M'minibasi yobwerera kwawo sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Amuna awo a Gracian, telala wa pakhonde la sitolo pamsika womwewo, ankangowacheukira. Pa zaka makumi atatu ndi zisanu za banja, anali asanakwerepo galimoto ndi akazi awo osamva ndemanga yokhudza dalaivala.

Masiku oyamba anali owawa. Mlomo unatupa, malovu ankangodzaza m'kamwa, ndipo manowo ankamveka ngati mbale yaing'ono yoiwalika pansi pa mphuno. A Gracian anaphimba mashini awo osokera n'kukhala pakhomo, kuphika phala, kuponda mapeyala ndi nthochi, kufunditsa madzi amchere ochukuchira m'kamwa. Phala loyamba linatuluka ndi mibulu. Mayi Maness anaivuula umodziumodzi, n'kuindandalika m'mphepete mwa mbale, kenako n'kuwayang'ana amuna awo.

"Ndamva," anatero a Gracian.

M'mawa mwake anapitako monga anauzidwira, ndipo patapita sabata anabwereranso kuchipatala. Dokotala anapala pang'ono pamene manowo ankakhula nkhama, kenako anawafunsa kuti lero ndi lachingati.

"Lachishanu," anayankha, ndipo kamluzu kanatulukira limodzi ndi mawuwo.

"Lilime silinazolowere. Muziwerenga mokweza tsiku lililonse, chilichonse chimene mungapeze."

Anayamba ndi buku la nyimbo, koma nyimbo zonse ankazidziwa pamtima, moti ankangong'ung'udza. Anawerenga thumba la feteleza, linatha msanga. Tsiku lachitatu, akufunafuna china m'sutikesi yakale, anapeza mpukutu wa makalata omangidwa ndi kansalu. Anali amene a Gracian ankawalembera mu 1988, akuphunzira utelala ku Thyolo, asanakwatirane.

Madzulo a tsikulo a Gracian akuchokera kumsika anapeza akazi awo pakhonde, magalasi ali pamphuno, ndipo mayi Sikina a nyumba yoyandikana atakhala pambali akusenda mtedza.

"Wokondedwa Manesh," ankawerenga motero, "shindikudya, shindikugona. Shingano yandibaya kashanu lero chifukwa choganizira iwe."

Mayi Sikina anali atabisa nkhope m'mpango, mapewa akugwedezeka.

"Mayi a Tikondane, zimenezo mwazitenga kuti?" anafunsa a Gracian, njinga ikadali m'manja.

"Ndi mankhwala awa, bambo. Adokotala anandilembera."

"Anati makalata anga?"

"Anati chilichonshe."

M'mawa mwake a Gracian anabweretsa nyuzipepala yathunthu. Mayi Maness anati zilembo zake n'zazing'ono, komanso mulibe mawu a "s" okwanira. Madzulo pakhonde panali amayi atatu, aliyense atabwera ndi kantchito kam'manja kuti asaoneke ngati abwerera makalata. A Gracian anabisa mpukutuwo m'dirowa ya mashini, koma mayi Maness anali atauloweza kale theka, ndipo pamene aiwala ankaonjezera zawo. Pofika Loweruka, wogulitsa nyama pamsika anawapatsa moni a Gracian n'kufunsa ngati zala zapola. A Gracian anaona kuti kuli bwino abweze makalatawo, kuti anthu azimva zimene analembadi.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwalawo ankagwira. Pofika kalata yachisanu ndi chiwiri kamluzu kanali katachepa, ndipo singano inayamba kutchedwa singano.

Kalata yomaliza anaiyamba Lachitatu la sabata yotsatira, amayi aja ali chete kudikira. Anawerenga za mvula ya ku Thyolo, za diresi limene a Gracian analonjeza kuwasokera. Kenako anaima. Anayang'ana pepalalo kwa kanthawi, n'kulipinda.

"Yathera pomwepa," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Alendo atabalalika, a Gracian anawapeza atakhala pabedi, kalilole wamng'ono ali m'manja. Anatola kalatayo n'kuwerenga chamumtima. Mzere wotsatira unkati: "Chimene ndikuchisowa kwambiri ndi kampata ka pakati pa mano ako ukamaseka."

"Kampata kaja kanapita," anatero mayi Maness. "Awa ndi oongoka ngati a mwana wa sukulu. Ndikadziyang'ana ndikuona ngati ndabwereka kamwa la munthu wina."

A Gracian anakhala pambali pawo, n'kukanda m'mutu.

"Ndikuuzeni zoona? Ndinalemba za kampatako chifukwa ndinkadziwa kuti makalata anga amayamba kuwatsegula ndi amalume anu. Zimene ndinkazisowa kwenikweni sizikanalembeka."

Mayi Maness anawayang'ana, kenako anaphulika kuseka. Poti kutupa kunali kutatha ndipo nkhama zitayamba kuphwa, mano aja anasuntha n'kutsetserekera kutsogolo. Anawawakha ndi chikhatho asanagwe, n'kuwakankhira m'malo mwake, akusekabe mpaka misozi.

"Nkhalamba yopanda manyazi," anatero atapezako mpweya. "Muimbireni Tikondane. Mumuuze kuti manowa akhwepa, tikawamangitse."

A Gracian anatulutsa foni n'kuyamba kusaka nambala, akuiyandikitsa ndi kuitalikitsa kumaso. Mayi Maness anavula magalasi awo n'kuwapatsa.

"Mumuuzenso kuti Lolemba ndikubwerera pabenchi. Ndamva kuti mtsikana amene ndinamusiyira uja akuunjika tomato ngati akugawa kumaliro."