Chitenje cha Alamu a ku Kingston

Martha anabwerera kunyumba kwake ku Thamesmead ndi chitenje chomwe anapita nacho. Chinali pansi pa sutikesi, chopindidwa monga anachigulira ku Limbe.

Mwamuna wake, Rowland, anali wa ku Jamaica, dalaivala wa mabasi a ku Woolwich. Chaka ndi chaka ankati, "Tchuthi chino tipite ku Kingston, ukaone kwathu, ukadziwane ndi achemwali anga a Carol." Chaka ndi chaka kwawo kwa Martha ku Dedza kunkagwa maliro, kapena ukwati, kapena chiliza choti amange. Rowland ankanyamula katundu osadandaula. Kenako anamwalira.

Ndiye Martha anapita ku Kingston ndi mwana wawo Kayla, chitenje cha alamu chili m'chikwama. Atafika kuhotela anatumiza uthenga, a Carol n'kuyankha kuti, "Takulandirani. Ine ndili pakhomo."

"Tiyeni tsono, amayi," anatero Kayla m'Chingerezi chake.

"Iwe, mtengwa salowa pakhomo pa eni ngati mbuzi. Atuma munthu adzatitenge."

Podikira munthuyo anayendera mzinda. Kumsika wa Coronation anapeza chinangwa, nzimbe ndi azimayi otsatsa mokuwa ngati a pa Lizulu. Anadya nkhuku yootcha ya tsabola mpaka misozi. Anaona makoma ojambulidwa nkhope zazikuluzikulu, nyimbo zikugunda mpaka m'chifuwa, mapiri atazinga mzinda kumbuyo monga Rowland ankanenera. Akabwerako, Martha ankafunsa mtsikana wa pahotela ngati kwabwera aliyense womufuna. Palibe.

Anakwera ndege atatupa mtima. Anthuwa sanamukhululukire, anaganiza, poti anawalanda mwana wawo.

Atafika kunyumba, akumasula katundu, foni inalira. Anali a Carol, mawu awo okalamba, osanyengerera.

"Mlamu, ndinakulakwira chiyani? Lamulungu ndinaphika mbuzi, ndinaitana abale onse. Chipinda cha Rowland ndinasesa. Ndinakhala pageti mpaka mpunga unazizira."

"Ndimadikira kuti mutume munthu," anatero Martha.

"Munthu wa chiyani? Kuno wachibale saitanidwa, amangokankha geti. Woitanidwa ndi mlendo. Ndimati mwina ukunyansidwa ndi dera lathu."

Martha anakhala pabedi. Anafunsa dzina la msewu, a Carol n'kutchula. Galimoto ya alendo yomwe anakwera inadutsa pamphambano pake tsiku lomwe ankapita kukadya ayisikilimu ku Devon House. Kayla anali ataloza n'komwe, iye n'kumukhazika chete.

"Ndibweranso, alamu."

"Ufulumire. Miyendo yanga yayamba kale kutsanzika."

Foni itaduka, Kayla anatola chitenjecho. "Tichitumize papositi?"

"Ayi. Chitenje amachita kumuveka munthu ndi manja."

Anachibwezera m'sutikesi, n'kuikankhira pamwamba pa kabati. Tchuthi cha chaka chamawa anali atalonjeza kale ku Dedza, kuchiliza cha amalume ake.