Njira ya kwa Mphonde

Ine Chombo sindichioneranso, ndipo amene akufuna kudziwa chifukwa chake akhale pansi, chifukwa ndikayamba sindifuna wondidula pakamwa.

Pa komboni yathu ya ku Shamva, kuno ku Zimbabwe, pa famu ija anaidula mapuloti, TV ilipo imodzi yokha, ya Nevermind mwini takishopu. Batire ya sola yake inafa kalekale, ndiye imayaka dzuwa likakhala pamutu basi. Mtambo ukangodutsa yazima, anthu n'kumayang'ana kumwamba ndi mkwiyo. N'chifukwa chake mafilimu timaonera Lamulungu masana tikaweruka ku tchalitchi. Nevermind, wochenjera ngati mbala, ankatiikira gawo limodzi lokha pa sabata kuti tizibwerabwera n'kumamugula maputi, mbuliwuli za kuno.

Filimuyo dzina lake lachingerezi linkatipota lilime, ife tinkangoti Chombo. Inali ya anthu osochera pakati pa nyenyezi m'chombo chachikulu kuposa komboni yonse. Munali nkhondo, munali maliro, moti amayi ena ankalira zenizeni. Munalinso nkhalamba ina ya khungu lobiriwira, dzina lake Vonki, yosamala injini. Iyo anaichotsa kwawo ili mnyamata, ndipo gawo lililonse inkaima pawindo n'kuloza kanyenyezi kamodzi, amvekere kwathu ndi uko.

Chingerezi cha m'mphuno chija akuluakulu sankachimva, choncho ankamasulira ndi mlongo wanga wamwamuna, Pardon. Ankaima pambali pa TV atagwira botolo lopanda kanthu pakamwa, n'kumasakaniza Chichewa ndi Chishona, mawu a mkazi akuwang'ung'udza, a chilombo akuwabangula. Pakamwa Mulungu anamupatsa, zimenezo sindingamumane. Chimene anamumana ndi mabuleki.

Bambo athu, a Nason Mbewe, sankaphonya. Ankafika oyamba ndi kampando kawo. Iwo anachoka ku Dedza ali mnyamata wosamera ndevu, anayenda wapansi mpaka kuno, n'kukalambira m'fodya wa eni ake. Pa komboni ukakhala wopanda dzina lachipongwe ndiye kuti anthu sakuwerengera, ndiye posachedwa aliyense ankawatchula kuti a Vonki. Iwo ankalikonda dzinalo. Ankati, “Uyo ndi mnzanga, akudziwa kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.”

Tsono mumve bwino apa. Pa komboni pathu pali mwambo umene anatisiyira obwera kale. Munthu wobadwira kumudzi akamwalirira kuno, dothi lisanagwe, mwana wake wamwamuna amaima kumutu kwa manda n'kumutchulira njira yonse ya kwawo mpaka pakhomo, kuti asamazungulire m'mapulazi a eni. Chifukwa cha mwambo umenewu bambo ankatiimbira njira yawo m'mawa uliwonse akamasukusula.

“Nyamapanda. Mlatho wa Tete. Ukalowa pa Dedza, phiri ulisiye kumanja. Uwoloke Nankhwazi, usavule nsapato, ndi kamtsinje chabe. Ufika pa mkuyu pamene amasulira makasu.”

Kuchokera pa mkuyupo pankatsatira zokhotakhota zambiri mpaka kwa Mphonde, pakhomo pa mlongo wawo Nambewe. Ine mutu wanga unkathera pa mkuyu pomwepo, kumanja ndi kumanzere zinkandisokonekera, komanso ndinkati si ntchito yanga. Pardon ndiye ankaidziwa yonse ngati Atate Athu, mpaka katsokomola kamene bambo ankaika pakati.

Koma bambo sankafuna kupita kwawo ali m'bokosi kapena m'mawu a Pardon. Ankafuna kupita ndi mapazi awo. Chaka chimenecho zinatheka. Mapepala oyendera amene tinawavutikira zaka anatuluka, ndipo Learnmore, mwana wa mai Maidei oyandikana nafe, amene amayendetsa gonyeti yopita ku Lilongwe, anati awatenga Lachitatu n'kukawatsitsa pa Dedza penipeni. Ndinawachapira jekete, ndinawakazingira mtedza. Mu chikwama anaikamo bulangete latsopano la Nambewe, munthu amene sanamumvepo chiyambire nkhondo ya kuno.

Lamulungu lomaliza lija anati akatsanzike mnzawo Vonki. Anthu anadzaza mpaka pa msewu, ndi makorokoza omwe, anyamata okumba golide aja, matope ali m'miyendo. Kumwamba kunali mbee, wopanda ndi kamtambo komwe. Mpaka lero ndimati mtambo umodzi wokha ukanatipulumutsa.

Sitinadziwe kuti gawo la tsikulo opanga filimu analipanga loseketsa. Chombo chinafika kwawo kwa Vonki. Nkhalamba ija inavala chovala chake chaulemu cha paunyamata, chothina, mimba ili panja. Potsika inagwa chafufumimba. Inapsompsona nthaka, osadziwa kuti ndi pamene amamangirira ziweto. Inapereka moni wakale wogwedeza makutu, anthu a kumeneko n'kuthawa, ena n'kumaiponyera chakudya poyesa ndi wopempha. Zinali zoseketsa, ine sindikana, bambo nawonso anaseka mpaka kupukuta m'maso.

Kenaka Vonki anayamba kufunsa njira, ndipo apa ndi pamene satana analowa m'botolo la Pardon. Pardon anapinda msana, anasintha mawu, n'kutulutsa katsokomola kaja.

“Pepani anawa, ine ndadzera pa Nyamapanda. Phiri ndalisiya kumanja. Nsapato sindinavule, ndi kamtsinje chabe!”

Maiwe! Komboni yonse inagwa. Anthu ankadziwa mwini mawuwo, ankawamva m'mawa uliwonse kudutsa mpanda. Mai Maidei anagwira nthiti. Nevermind ankamenya kauntala. Pardon ataona kuti zagwira anathira mafuta. Pa TV Vonki anaima pa malo pamene panali nyumba ya kwawo, tsopano pali chimbudzi cha pamsika, kamnyamata kobiriwira kakumuyang'ana kuyambira kumapazi.

“Ndafika pa mkuyu pamene amasulira makasu,” anatero Pardon m'mawu a bambo. Kenaka anatembenuka, m'mawu a kamnyamata kaja: “Mwafuna yani, madala?”

“Ndafuna Nambewe.”

“Nambewe wake uti? Mwafuna yani, madala?”

Ndinayang'ana bambo. Ankamwetulirabe, koma kumwetulira kwa munthu amene waponda minga pagulu. Anakhala mpaka filimu inatha, Vonki atathamangitsidwa ndi alonda a msika, akukwera chombo nsapato imodzi ili m'manja. Atatero ananyamula kampando kawo n'kumapita, osatsanzika munthu.

Otsalawo ndiye anayamba mlandu wa filimu. Nevermind amvekere gawo ngati limeneli silinaonekepo, aliikanso mawa. Audrey, mtsikana wophunzitsa ana a kiresi, sukulu ya mkaka ija, amvekere ayi, aiwononga filimu, munthu wakhala akulira kwawo zaka zonsezi sungamusandutse chidole. Makorokoza amvekere kulira tatopa nako, tisekeko. Anatsutsana mpaka dzuwa kupendeka ngati Vonki ndi m'bale wawo. Amene sanalowerere mkanganowo ndi sekuru Estevao, gogo wa ku Mozambiki, mnzawo wa bambo. Atawafunsa anangoti, “Ine kwathu ndinapitako nkhondo itatha. Sabata sinakwane.” N'kudzuka.

Ine ndinamukokera Pardon kuseri kwa takishopu. “Iwe, m'mutu mwakomo muli phala? Bambo ako omwe?”

“Aaa, sisi Lestina, n'zocheza. Mesa iwonso amaseka?”

Madzulo ake bambo anamuitana pakhonde. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

“Pardon, za Nyamapanda zija ananena ndi Vonki?”

“Ayi bambo, ndimangokometsera.”

“Ndadziwa. Nanga zoti anthu a kwawo sanamudziwe, wakometsera ndiwe?”

Pardon anakanda m'mutu. “Zimenezo ndi za mufilimu momwemo.”

“Nyumba ija?”

“Momwemonso.”

Bambo anagwedeza mutu nthawi yaitali. “Anthu ophunzira amene anapanga chombo chija,” anatero, “sangalembe chinthu asanachione.”

Ndinalowererapo. Ndinati bambo, zija n'zopeka, Vonki ndi munthu wodzola utoto, akaweruka amakasamba n'kupita kwa mkazi wake. Anandiyang'ana ngati ndine wakhanda.

Pofika Lolemba mawu aja anali atagwira komboni yonse ngati chimfine. Ukapita ku mjigo, “Mwafuna yani, madala?” Mwamuna akabwera mochedwa kunyumba, mkazi pakhomo, “Mwafuna yani, madala?” Sankanena moipa, ambiri ankawakonda bambo. Koma mpanda wathu ndi waudzu, ndipo m'mawa wa Lachiwiri ndinamva madzi okha akukhavukira pansi. Bambo anasukusula osatchula Nyamapanda.

Lachitatu Learnmore anaimika gonyeti pa msewu wa tara n'kuliza hutala. Ndinalowa m'nyumba, chikwama chili pamphasa, jekete lili pa msomali, eni ake kulibe. Ndinakawapeza ku puloti ya a Chikwanha kumene timagwira maricho, ganyu wathu wa kuno, akupalira fodya ndi kakhasu kawo kakutha.

“Bambo, galimoto ikudikira!”

“Muuze apite.”

Ndinalusa. Ndinati ine ndayenda maulendo angati ku Harare chifukwa cha mapepala amenewa, lero mukane chifukwa cha chidole cha pa TV ndi pakamwa pa chitsiru? Ndinalira, ndinapondaponda mizere ya eni ake. Iwo anatsamira khasu.

“Lestina mwanawe, panopa Nambewe ali moyo. Ali pakhonde, mkuyu uli chilili, akusula makasu. Ndikakatsika pa Dedza zonsezo zikafa tsiku limodzi. Ndiye kamwana kena kakandifunse kuti ndafuna yani, ine ndikati chiyani? Kuno amandiseka, koma amandidziwa dzina.”

Hutala inaliranso, kenaka tinamva gonyeti ikusintha magiya kulowera ku Mutoko. Bambo anawerama n'kupitiriza mzere wawo. Mtima unandiwawa ngati andithira tsabola, ndipo Pardon sindinamulankhule mwezi wathunthu.

Ku Chombo bambo sanapitekonso. Akuti gawo lotsatira linabwerera ku nkhondo ndi misozi, Vonki n'kumaimanso pawindo ngati palibe chinachitika. Iye anali ndi omulembera zina. Bambo anga analibe. Bulangete la Nambewe anayamba kufunda okha chisanu chitafika, ndipo m'chisanu chomwecho chifuwa chinawatenga. Anamwalira mu Juni, m'mawa, ine ndikuwawiritsira madzi.

Manda athu ali kumapeto kwa puloti ya a Chikwanha, pafupi ndi chulu, kachigawo kamene thirakitala imakadya pang'onopang'ono chaka chilichonse. Anthu anabwera ambiri, zimenezo ndiyamike. Abusa atamaliza, bokosi litatsika, sekuru Estevao anakweza dzanja kuti anyamata a mafosholo adikire.

“Mwana wamwamuna abwere. Awaperekeze bambo ake.”

Pardon anaima kumutu. Anali ataonda, milomo itauma. Anayamba bwino, m'mawu ake enieni, motsitsa.

“Bambo, nyamukani. Mudzere pa Nyamapanda. Muwoloke mlatho wa Tete. Mukalowa pa Dedza, phiri mulisiye kumanja.”

Koma njira imeneyo anaiphunzira ndi kamvekedwe ka eni ake, ndipo pofika pa Nankhwazi mawu a bambo anayamba kutuluka okha, ndi katsokomola komwe. Ndinaona anthu akuyang'ana pansi. Ndinaona mapewa a mtsikana wina akugwedezeka.

“Musavule nsapato, ndi kamtsinje chabe. Mufika pa mkuyu pamene amasulira makasu.”

Anapuma kuti ameze malovu. M'kachetechete ameneyo, kumbuyo kwenikweni, wina amene anali atalawa kale kachasu wa pamaliro anayankha, osati mokweza, mwachizolowezi chabe:

“Mwafuna yani, madala?”

Wina anafwenthera. Mai Maidei anadzitseka pakamwa ndi chitenje, misozi ili mbwembwembwe, koma phwete linatulukabe. Linayenda m'gulumo ngati moto wa m'udzu, anthu akulimbana nalo, ena akuthawira kuseri kwa chulu. Sanali anthu oipa. Ndimawada mpaka lero, koma sanali oipa.

Pardon anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Anayesanso. Munthu uja wa pakamwa posatseka anangogwada pa dothi lofiira n'kugwira kumaso.

“Malizitsa, mwanawe,” anatero sekuru Estevao. “Asakhale panjira.”

Pardon anapukusa mutu. Sekuru anatembenukira kwa ine, mwambo kapena wopanda mwambo. Ndinasendera kutsogolo, ndinati, “Bambo, mukachoka pa mkuyupo mukhotere...” Kumanja? Kumanzere? Ndinayang'ana Pardon, iye ali chigwadire. Ndinaopa kuwasocheretsa. Tinaima choncho, dzuwa likutentha, mpaka abusa anayambitsa nyimbo kuti aphimbe manyazi, anyamata n'kuyamba kugwetsa dothi.

Pardon anasiya kumasulira. Botolo lija akuti analitenga mnyamata wina, ndipo Lamulungu lililonse phokoso la ku takishopu limandipeza pakhomo. Ine ndimatseka chitseko. Bambo anga tinawasiya ataima pa mkuyu, chikwama m'manja, ndipo mpaka pano palibe amene wawauza kokhotera.