Mabeseni Awiri Pamphambano

Gulu la Tiyese, la amayi ophika buledi ndi mabanzi kufupi ndi ku Milepa, lili ndi uvuni umodzi wa njerwa. Uvuniwo uli kuseri kwa nyumba ya mayi Josephine, wapampando wa gululi. M'nyengo yozizira amausonkhezera kawiri pa sabata, koma dzuwa la Okutobala likafika amausonkhezera Loweruka lokha, chifukwa palibe amene amafuna kuima pafupi ndi moto pamene kunja kukuwotcha kale. Aliyense amabwera ndi mtanda wake wokanyakanya, n'kudzaumbira pomwepo. Makala akapalidwa ndipo chitseko chalata chikatsekedwa, wochedwa amabwerera nawo mtandawo kwawo.

Loweruka la pa 19 Okutobala 2024 linali tsiku loyesedwa a Dominic Namaona. Akazi awo, a Fiona, anali ndi malo mu uvuniwo, koma anali oyembekezera ndipo kutentha kunawatupitsa miyendo moti sankathanso kuyenda ndi beseni kumutu. Lamulo la gulu limati malo osagwiritsidwa ntchito apatsidwe kwa wina. A Dominic anapempha kuti alowe m'malo mwa akazi awo. Mayi Josephine anavomera kuwayesa kamodzi kokha: abwere ndi mtanda wokanya okha, uphikidwe, gulu lilawe. Akalephera, malo apita.

A Dominic anaphunzira kukanya mu Juni, chiperoni chitakuta phiri la Chiradzulu. Nthawi imeneyo a Fiona anawaphunzitsa kuthira yisiti wambiri, kukanyira madzi ofunda, ndiponso kukulunga beseni m'bulangeti kuti mtanda ufufume. Mu Okutobala amayi a gululi ankatumizirana zithunzi za zophika zawo pa WhatsApp, pamodzi ndi malangizo a nyengo yotentha: yisiti pang'ono, madzi a mumtsuko, chitenje chonyowa pamwamba, ndipo osakanya m'mamawa kwambiri. A Dominic ankaona zithunzizo. Malangizowo sankawerenga. M'mawa wa tsikulo, a Fiona ali pansi pa mango miyendo ili mu ndowa ya madzi, bamboyu anachita zonse monga anachitira mu Juni, mpaka bulangeti lomwe.

Panali nkhani inanso. A Bernadetta, amayi ake a Fiona, nawonso ndi a m'gululi. Chikwatirire mu 2017, a Dominic ndi apongozi awowa anali asanayang'anizanepo kumaso kapena kulankhulana mwachindunji. Mabanja ambiri masiku ano anazisiya zimenezi, koma awiriwa ankazisunga ngati lamulo la Mulungu. Choncho a Fiona anakonza kuti amayi awo alawirire, amuna awo abwere pambuyo ndipo akakafika akaime kuseri kwa uvuni.

Dongosololi linalephera pa zifukwa ziwiri. A Bernadetta anamvera malangizo, anakanya mochedwa. A Dominic anaona bulangeti likutukuka lokha, ananyamuka msanga.

Njira yochokera kwa a Dominic ndi yochokera kwa a Bernadetta zimakumana pamphambano, kenako zimakhala njira imodzi yopapatiza yodutsa pakati pa mipanda ya khonje mpaka kwa mayi Josephine. Anatulukira pamenepo nthawi imodzi. A Dominic anazindikira chitenje chobiriwira, anapatukira kumanzere m'munda wa nandolo wokolola kale, n'kunjuta atafulatira njira. A Bernadetta anazindikira malaya ofiira, anapatukira kumanja, n'kugwada kuseri kwa chulu, nawonso atafulatira. Aliyense anadikira kuti mnzake adutse.

Munthu wofulatira njira sadziwa ngati mnzake wadutsa. Patapita kanthawi a Dominic anatsokomola pang'ono kuti amve. Kuseri kwa chulu kunachokera chifuwa choyankha. Onse anakhazikikanso.

M'munda wa nandolo mu Okutobala mulibe mthunzi, muli timitengo tokhatokha. Pansi pankawotcha moti a Dominic sanayerekeze kutula beseni. Mtanda unayamba wakankha bulangeti, kenako unasuzumira m'mphepete, kenako unatsikira kukhutu lakumanja.

Ali choncho anatulukira a Goliati, a kabaza, akuchokera kokatula munthu kuchipatala. Anaima, anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja.

"Bambo a Tracy, mwadzuka bwanji? M'mimba kodi?" anafunsa a Dominic atawazindikira.

"Ayi achimwene, ndikungopuma."

"Kupuma padzuwa, bulangeti kumutu? Nanga chikutsikira m'khosimo n'chiyani, ubongo?"

"Tsitsani mawu," ananong'ona a Dominic. "Kuli akuluakulu kuseri kwa chuluko. Kawauzeni kuti njira ndi yawo."

A Goliati anatsamiritsa njinga pakhonje, n'kuwoloka njira.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Akamwini anu akuti dutsani."

"Kawathokozeni," anatero a Bernadetta akuyang'ana chulu. "Koma lero ndi tsiku lawo loyesedwa. Atsogole ndi iwo."

A Goliati anabwerera kumanzere. "Akuti mutsogole."

"Ine nditsogolere amene anabala mkazi wanga? Aone msana wanga njira yonseyi? Kawauzeni kuti ine sindikufulumira."

"Inu simukufulumira, koma katundu wanuyu akufulumira. Wafika paphewa."

Kumanja yankho linali lakuti a Bernadetta nawonso sakufulumira, ndipo chulucho akhala akufuna kuchiyang'ana bwinobwino kuyambira kale. Chitenje chawo chonyowa chija chinali chitauma gwa, ndipo mtanda wawo, ngakhale unali waulemu kuposa wa akamwini, unali utayamba kudzuka.

A Goliati anayesa nzeru zosiyanasiyana. Anati onse atsinzine n'kuyenda limodzi, koma a Bernadetta anafunsa kuti ndani adzawazule minga ya khonje. Anati a Dominic ayende chafutambuyo, koma zinapezeka kuti akatero ndiye ayang'anizana ndi apongozi njira yonse. Anati anyamule mmodzi panjinga, koma nkhani inabwerera pomwe paja: ayambe ndani?

Chakum'mawa, utsi wa uvuni unali utasiya kuda. Onse atatu ankadziwa tanthauzo lake: nkhuni zatha kuyaka, atsala pang'ono kupala makala.

"Tamverani anthu inu," anatero a Goliati ataima pakati pa njira. "Mtandawu uli ndi apongozi?"

A Goliati anadziyankha okha popukusa mutu.

"Ndiye ine ndikunyamula mabeseniwa. Inu tsalani muzilemekezana mpaka mvula igwe."

Anatenga beseni la a Dominic, analivula bulangeti, n'kuliika pakaliyala. Pamwamba pake anasanjikapo la a Bernadetta, n'kumanga onse awiri ndi mphira. Beseni lapamwamba linamira mu mtanda wapansi. Mtandawo, posowa kolowera, unakwera m'mbali n'kuyamba kugwera m'beseni la apongozi. A Goliati anaziona izi, koma anaona kuti si nkhani ya kabaza, ndipo anapalasa.

Pamphambano panatsala anthu awiri opanda katundu. Mwina akanakhala pomwepo mpaka madzulo zikanapanda nyerere. Mtanda wa a Dominic unali wa mabanzi, wa shuga wambiri, ndipo wina unali utamatirira m'khosi ndi kumsana. Nyerere zinayambira kumapazi. A Dominic anapirira zili m'maondo. Anapirira zili m'chiuno. Zitafika m'khwapa anaimirira, anawerama kupepesa khonje amene anali patsogolo pawo, n'kuliyatsa liwiro kulowa m'njira yopapatiza ija akudzimenya mbama.

"Adutsa eti," anatero a Bernadetta kuuza chulu. "Ambuye alemekezeke." Anayesa kudzuka, koma miyendo inali itachita dzanzi, ndipo anayamba akwawa kaye.

Ku uvuni zinthu zinali zitachitika kale. A Goliati anali atatula mabeseni n'kufotokoza za pamphambano. Mayi Josephine atamasula mphira anapeza kuti mabeseni awiri ali ndi mtanda umodzi. Nthawi youmba mabanzi inalibe. Anakhuthulira zonse palata lalikulu, analowetsa mu uvuni, n'kutseka chitseko. A Dominic atafika anapita kuseri kwa uvuni monga anapangana, komwe anavula malaya n'kuyamba kusasa nyerere. A Bernadetta anafika akutsimphina, anakhala pamkeka atafulatira uvuni.

Chimene chinatuluka chinali buledi mmodzi, wotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, wokhala ndi linunda pakati. Mbali imodzi inali yoyererako, yolimba bwino, ya mchere. Mbali inayo inali yofiira, yamabowo akuluakulu, yotsekemera koma yowawasirako, ndipo inkanunkhira ngati masese.

"Kodi tikulawa buledi kapena tikumwa?" anafunsa mayi wina, Bibiana, akutafuna.

"Iwe tadya, mwamuna wako adzayamba kukonda tiyi," anayankha mnzake.

Mayi Josephine anawomba m'manja. "Lamulo likuti woyesedwa aonetse buledi wake. Bambo a Tracy, kuseriko, wanu ndi uti apa?"

"Mayi wapampando," anatero mawu ochokera kuseri kwa uvuni, "pamene pali dzanja la akuluakulu, ine ndinganene bwanji kuti changa? Yense ndi wawo."

"Auzeni kuti ine ndinangothirako pang'ono," anatero a Bernadetta akuyang'ana ndowa. "Yense ndi wawo."

"Ine si Goliati, simundiyendetsa uku ndi uku," anatero mayi Josephine. "Bambo a Tracy, mumve bwino. Ngati yense ndi wa apongozi anu, ndiye kuti inu simunabweretse kanthu. Wosabweretsa kanthu walephera, ndipo malo a Fiona ndikupereka kwa mlamu wake wa Bibiana lero lomwe."

 Kuseri kwa uvuni kunkangomveka kukanda.

"Mbali yonunkhira mowayo," anatero a Dominic pamapeto pake, akuuza njerwa za uvuni. "Yamabowoyo. Ndi yanga. Ndinakanya ndekha. Akuluakulu andikhululukire kuti yakhudzana ndi yawo."

Anavota ponyamula manja. Amene ankati alowe anafanana chiwerengero ndi amene ankati asalowe. Wapampando savota, choncho panatsala munthu mmodzi amene anali asanalawe n'komwe. Bibiana ananyema chidutswa cha mbali yofiira n'kukapereka pamkeka.

A Bernadetta anachitembenuza, anasuzumira pabowo limodzi n'kuona dzuwa mbali inayo. Analuma. Anatafuna nthawi yaitali.

"Auzeni kuti ndi wowawasa," anauza ndowa ija. "Auzeni kuti majarini akawapaka azigwera pansi."

Kuseri kwa uvuni kukanda kunasiya.

"Koma auzeninso kuti m'gulu muno ndinadyapo woipa kuposa uyu, ndipo mwini wake sitinamuchotse. Keke ija ya pa Khirisimasi, imene Bambo Mfumu anachita kupempha chikwanje, ija inaphikidwa ndi mayi wapa..."

"Walowa!" anakuwa mayi Josephine. "Walowa, walowa, malo ndi a banja la Namaona! Nkhani ya Khirisimasi siili pamsonkhano uno."

"Inali ya inu kodi?" anafunsa Bibiana. "Paja munati inachokera ku Namadzi!"

"Ndati msonkhano watha. Tsukani malata."

A Dominic anagwada kuseri kwa uvuni, malaya ali m'khwapa, ndipo anawomba m'manja mwaulemu atayang'ana khoma. Palibe anawamva, chifukwa kutsogoloko amayi onse anali atayamba kulankhula nthawi imodzi.