Chitenje pa Kompyuta

Kompyuta ija anandisiyira mwana wanga Benedict, chaka chimene anapita kukagwira ntchito ku Joni. Ndi ija ya bokosi lakuda loima pansi pa tebulo, ndipo ndimatayipirapo nyimbo za kwaya ndi makalata a mphakati wathu kuno ku Nguludi. Chipumire uphunzitsi, chimwalirire bambo ake, olankhula m'nyumba muno tatsala awiri, ine Margret ndi wailesi.

Benedict si mwana woipa, musandimve molakwa. Kungoti foni imamulemera ngati thumba la nandolo. Pa Khirisimasi aimba, tsiku la anakubala aimba, kwinaku ndi timauthenga ta mawu atatu. Ine ndimamusowa, ndipo sindichita manyazi kunena.

Kumapeto kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kompyuta inayamba kulira ngati chigayo, kenako n'kuuma gwa, osayankha. Ndinamulembera Benedict uthenga. Pasanathe mphindi zisanu foni inalira. Ndikadwala mutu ineyo amangolemba kuti "imwani mankhwala", koma bokosi litadwala anaimba yekha.

"Amayi, zimitsani kaye, muzule chingwe. Mutsegule m'mbalimo, mundiuze zimene mukuona."

"Ndikuona fumbi loti munthu atha kudzalamo mbatata."

Anaseka, ine mtima unachita kuti myaa. Anandituma kukabwereka pampu ya njinga kwa a Jeremiah, aneba anga, ndipo ndinapopera fumbi lonse mpaka timapiko ta fani tinaoneka. Nditayatsanso, anandiuza podina kuti iye athe kulowa mu kompyutamo ali komweko kudzera pa intaneti. Ndinangoona kamuvi kakuyenda kokha pa sikirini. Anaikamo pulogalamu yoonetsa manambala awiri pakona.

"Yam'mwambayo ndi kutentha, Amayi. Ikakhala pa fifite kapena sikisite, zili bwino. Yam'munsiyo ndi liwiro la fani. Ndakonzanso kuti kutentha kukapyola eyite, uthenga uzibwera pafoni yanga. Mukaisiya choncho idzapsa, nyimbo zanu zonse n'kupita."

Tsiku limenelo tinalankhula ola lathunthu.

Koyamba sindinachite dala, ndikulumbira. Linali Loweruka, ndikusesa, ndiye ndinaphimba bokosilo ndi chitenje kuopa fumbi, monga timachitira ndi wailesi. Ndinaiwala kuti ndi yoyatsa. Ndili panja ndikuyanika zovala, foni inalira.

"Amayi, yafika eyite-thuu! Mwatani?"

Ndinathamangira m'nyumba n'kusolola chitenjecho. Nambala inayamba kutsika, ndipo podikira kuti itsike ndinamuuza za mango a kuseri kwa nyumba, za ukwati wa Thandie mwana wa mlongo wanga, ndi za bondo langa. Iye ankangoti "eya, eya", komabe anali pafoni.

Loweruka lotsatira ndinatenga chitenje chomwecho, ndikudziwa bwino lomwe chimene ndikuchita. Mayi wamkulu, mlembi wa mphakati, kunamiza mwana wake ndi nsalu! Ndinakhala pampando n'kumayang'ana nambala ikukwera pang'onopang'ono, fani ikulira mkatimo ngati ikundidandaulira. Ndinkaopa kuti ipsa, pakuti nyimbo za zaka zisanu ndi chimodzi zili mmenemo. Koma itangopyola eyite foni inalira, mantha onse n'kuthera pomwepo.

Ulendo wachitatu Benedict anayamba kufunsa ngati wapolisi.

"Amayi, fani ikuthamanga bwinobwino, fumbi tinachotsa. Nanga ikutentheranji Loweruka lokhalokha?"

"Mwina ndi malatawa, mwanawe. Kukutentha kuno."

"Lachitatu malata amakhala kulibe?"

Ndinasintha nkhani, ndinamufunsa ngati akudya mokwanira. Anati ali ku ntchito, sangachedwe. Nditaika foni pansi ndinadziuza kuti basi, chibwana chathera pano.

Mlungu umenewo unali wautali. A Jeremiah anapita ku Mbulumbuzi kukaona odwala, kwaya sinakumane, ndipo kuyambira Lachiwiri mpaka Lachisanu palibe ndi mmodzi yemwe anati odi pakhomo panga. Loweruka m'mawa ndinalemba papepala nkhani zoti ndimuuze, zisanu ndi ziwiri, kuopa kuiwala ina. Ndinayatsa kompyuta, ndinaifunditsa chitenje, foni n'kuika pamiyendo.

Nambala inafika sevente. Inafika eyite. Ndinakonza pakhosi kuti mawu amveke bwino. Eyite-thuu, eyite-folo, foni ili zii. Ndinaiyang'ana ngati ili ndi moto, moto unalimo wodzaza. Itafika eyite-faifi sikirini inada, fani inaleka kulira, m'nyumba monse munangoti chete. Ndinati kwatha, ndaiotcha ndi manja angawa.

Apo m'pamene foni inanjenjemera. Unali uthenga, ndipo ulendo uno unali wautali kuposa masiku onse.

"Amayi musadandaule, sinapse. Ndinakonza kuti ikafika 85 izizima yokha bwinobwino. Za uthenga wobwera kwa ine zija ndachotsa, ndiye sindizikusokonezaninso ndi mafoni Loweruka. Mukhale bwino."

Ndinauwerenga kawiri, kachiwiriko nditavala magalasi. Kenako ndinachotsa chitenje, ndinakhala pomwepo pepala lija lili m'manja, mpaka bokosi linazizira.